Sewero lofunsa kuti munthu kwawo nkuti: olemba a masiku ano amalikonza bwanji?

Mnyamata wa ku Chilenje

Moni kwa nonse, makamaka akuluakulu amene mwakhala nthawi yaitali pa ntchito ya zisudzo. Ndili m'gulu la achinyamata limene limachita masewero muno mu Lusaka, ndipo chaka chino anzanga andipatsa udindo wolemba sewero limene tikufuna kuonetsa mu holo ya tchalitchi, kenaka m'masukulu ngati zinthu zitayenda bwino. Nkhani yake ndi ya mtsikana wa zaka 17 wobadwira ku chipatala cha UTH ndi kukulira ku Chilenje, amene bambo ake ndi Mchewa wa ku Katete ndipo mayi ake ndi Mngoni wa ku Chipata. Mtsikanayo sanagonepo kumudzi, amalankhula Chinyanja cha m'tauni ndi Chingerezi, ndipo bambo ake atamwalira abale a mbali zonse ziwiri akuyamba kumufunsa mafunso amene iye alibe mayankho ake.

Pagulu pathu pabuka kusiyana maganizo. Ena akufuna kuti pakati pa sewero mtsikanayo atsale yekha pa siteji, nyali zonse zizimitsidwe kupatula imodzi, iye alankhule kwa nthawi ndithu za ululu wosadziwa kwawo, chifukwa akuti pamenepo ndi pamene oonerera adzagwidwe chisoni. Ena akuti oonerera a muno sapirira ulaliki, ndipo akangomva mawu akuti "kodi ine ndine yani" ayamba kutsegula mafoni. Palinso mkangano wa chilankhulo, popeza ena akufuna Chingerezi chokhachokha kuti sewero lidzathe kulowa m'mipikisano, pamene ena akuti nkhani ya maliro ndi mbumba singamveke m'Chingerezi.

Pempho langa ndi lakuti mundiuze mmene olemba masewero a masiku ano, a muno mu Africa ngakhale okhala kunja, amaonetsera nkhani yakuti munthu ndi yani ndipo ndi wa kuti. Ndingakondwe mutatchula masewero enieni ndi zimene zimachitika m'menemo, kuti ndikhale ndi poyambira pokambirana ndi anzanga.

Mphunzitsi wopuma, Kabwata

Mwana wanga, anzako amene akuopa ulaliki akunena zoona, ngakhale kuti chifukwa chake n'chachikulu kuposa kusapirira kwa oonerera. Funso lakuti munthu ndi yani limamupeza pamene wina amene ali ndi mphamvu pa iye, kaya ndi wa boma, wa tchalitchi kapena wachibale, wamuuza kuti asankhe mbali, ndipo pali chinthu chimene angataye akasankha. Olemba amene ine ndimawapatsa ulemu amaika pa siteji chinthu chogwirika ndi manja, kenaka amawasiya anthu kuti achilimbirane, ndipo oonerera amadziwira pamenepo kuti aliyense waima pati.

Taganizira sewero la John Kani la mu 2002, lotchedwa Nothing But the Truth. Sipho Makhaya, mkulu wogwira ntchito ku laibulale ku Port Elizabeth, ku South Africa, akuyembekezera mtembo wa mng'ono wake Themba, amene anathawira ku London nthawi ya ulamuliro wa tsankho ndipo sanabwerere ngakhale dziko litamasuka. Mkuluyo wakonza maliro monga mwa mwambo, wadziwitsa abale, ndipo aliyense akuyembekezera bokosi. Mwana wa malemuyo, Mandisa, wobadwira ku London, amene dzina la banja lakuti Makhaya kwa iye linasanduka McKay, akufika atanyamula kamtsuko ka phulusa, chifukwa mtembo anautentha kumeneko. Palibe amene akuimirira kulengeza kuti Mandisa ndi mlendo kwa makolo ake. Kamtsuko kali m'nyumba, mkuluyo sakudziwa chimene akauze anthu obwera kudzaona nkhope, ndipo mtsikanayo sakumvetsa kuti walakwa chiyani. Kuchokera pa kamtsukoko Kani akufukula nkhani yaikulu ya amene anathawa n'kutchuka ngati ngwazi, ndi amene anatsala n'kupirira popanda wowathokoza. Ife a mu Lusaka nkhani imeneyi sitiyenera kuiona ngati ya kutali, popeza likulu la ANC, chipani chimene chinkamenyera ufulu wa South Africa, linali mumzinda muno zaka zambiri, ndipo pali ana obadwira m'makomboni athu amene bambo awo anabwerera ku South Africa iwo n'kutsala ndi dzina lokha.

Kani yemweyo, pamodzi ndi Athol Fugard ndi Winston Ntshona, anali atachitapo kale zotere mu 1972 m'sewero la Sizwe Banzi Is Dead. M'menemo chinthu cholimbirana ndi chitupa. Sizwe wauzidwa kuti achoke mumzinda chifukwa chitupa chake sichimulola kufuna ntchito, ndipo usiku wina iye ndi mnzake Buntu akupeza mtembo wa munthu amene chitupa chake chili bwino. Akachotsa chithunzi cha wakufayo n'kumatapo chake, apeza ntchito ndi kudyetsa ana, koma dzina lake ndi limene liyenera kufa. Sewero limenelo ndi lakale, koma olemba a lero akuyendabe m'njira imene linalambula.

Tsono iwe usapite kutali, chifukwa chitupa chako uli nacho kale. Mtsikana wa zaka 17 amene bambo ake angomwalira akhoza kukhala alibe reji, chitupa cha unzika, ngakhale kuti lamulo limalola kuitenga munthu akakwanitsa zaka 16. Pa reji pamalembedwa mudzi, mfumu ndi boma, ndipo mwana wa ku Chilenje amene sanaonepo mudzi ayenera kutchula zonsezi pamaso pa wolemba amene ali ndi mzere wautali kumbuyo ndipo alibe nthawi ya nkhani za m'banja. Muike mtsikanayo pa benchi ya mu ofesi, kumanja kwake mlongo wa malemu bambo ake wochokera ku Katete, kumanzere kwake malume ake a ku Chipata, aliyense atanyamula reji yake kuti ndiye aikire umboni. Wolembayo afunse kawiri kuti mfumu ndi yani, cholembera chili m'mwamba, ndipo akulu awiriwo ayang'anane osayankha. Mtsikanayo safunika kunena chilichonse pamenepo.

Mayi wa ku Chelstone

Achimwene, abambo a ku Kabwata ayankha bwino mbali ya chinthu chogwirika, ndipo ine ndithirepo ndemanga pa mkangano wanu wa chilankhulo, chifukwa ndikuona kuti mukuutenga ngati nkhani yosankha musanayambe kulemba, pamene olemba ena amausandutsa mbali ya sewero lenilenilo.

Danai Gurira anabadwira ku Iowa mu 1978 ndipo anakulira ku Harare. Sewero lake la The Convert, la mu 2012, likuchitika m'zaka za m'ma 1890 m'dera limene lero ndi Harare. Mtsikana wotchedwa Jekesai akuthawa ukwati woumirizidwa, ndipo azakhali ake akumupezera pobisala m'nyumba ya Chilford, mphunzitsi wa chikatolika amene akulakalaka unsembe. Mtengo wa chitetezo chimenecho ndi dzina: akumutcha Ester, akumuveka diresi, akumuphunzitsa Chingerezi. Chimene chimandigwira mtima ndi chakuti Gurira sanamuchititse mtsikanayo kukhala wopusitsidwa chabe, chifukwa chikhulupiriro chatsopanocho akuchilandira ndi mtima wonse, ndipo chinamupulumutsadi ku ukwati umene sankaufuna, koma chomwecho chikumulekanitsa ndi abale ake nkhondo yolimbana ndi atsamunda itayamba. M'sewerolo muli Chishona chambiri, ndipo Chingerezi cha Chilford n'chokakamiza, chodzaza ndi miyambi ya azungu imene amaipotoza osadziwa. Woonerera amamva m'kamwa mwa munthu aliyense kuti wayenda mtunda wotani kuchoka kwawo.

Sewero lake lina, Familiar, la mu 2015, lili pafupi kwambiri ndi lanu. Banja la ku Zimbabwe lokhala ku Minnesota likukonzekera ukwati wa mwana wawo wamkazi ndi mzungu, ndipo mkulu wa mayi ake akufika kuchokera kumudzi n'kuumirira kuti pachitike mwambo wa malowolo. Mayi a mkwatibwi, amene anayesetsa kulera ana ake ngati a ku America, akukana kwamtuwagalu. Anthu amaseka kwambiri m'sewero limenelo, mpaka pamene chinsinsi cha banja chaululika.

Kwa inu phunziro ndi lakuti chilankhulo chizisintha malinga ndi amene walowa m'chipinda. Mtsikana wanu alankhule Chingerezi ndi anzake a kusukulu, Chinyanja cha m'tauni ndi mayi ake, ndipo agogo akafika kuchokera ku Katete ayese Chichewa cha kumudzi n'kupunthwa. Awapatse moni ataimirira, agogowo akhale chete mpaka wina amukodole kuti agwade. Anene kuti "nifuna" pamene agogo akuyembekezera "ndikufuna", ndipo msuweni wake wa kumudzi abise kuseka m'chitenje. Oonerera a mu Lusaka zimenezi amazidziwa m'nyumba zawo, ndipo aliyense adzaseka podziwa kuti akudziseka yekha. Za mipikisano musade nkhawa kwambiri, chifukwa oweruza a muno nawonso amakhala m'zilankhulo ziwiri kapena zitatu tsiku lililonse. Chokhacho chimene ndingakuchenjezeni ndi chakuti musachititse Chichewa cha agogo kukhala choseketsa chokha ndi Chingerezi kukhala cha anthu anzeru okha, monga mmene timaonera m'masewero ambiri a pa wailesi yakanema, chifukwa mukatero mwaweruza mlandu sewero lisanayambe.

Wakale wa ku UNZA

Ndisiyane nanu pang'ono, amayi ndi abambo, ngakhale kuti masewero amene mwatchula ndimawalemekeza. Masewero a Gurira anayamba kuonetsedwa ku America, pamaso pa anthu ofunika kuwafotokozera kuti malowolo n'chiyani, ndipo mkangano wake waukulu umakhala pakati pa Africa ndi azungu. Mnyamata wathuyu akulembera holo ya ku Chilenje, kumene palibe wofunika kumufotokozera, ndipo mtsikana wake sakukokedwa ndi London kapena Minnesota. Akukokedwa ndi Katete, Chipata ndi Lusaka, malo amene mlendo wa kunja angawaone ngati amodzi. Ngozi imene ndimaiona mwa achinyamata athu ndi kutengera mkangano wa olemba okhala kunja, ngati kuti munthu sangasokonezeke za kwawo pokhapokha atakwera ndege.

Tili ndi mbiri yathu pa nkhani imeneyi. Nthawi ya atsamunda nyumba ya zisudzo ya Lusaka Playhouse inali ya azungu ndi masewero awo a ku England. Cha m'ma 1969 Michael Etherton ndi ophunzira a pa yunivesite ya Zambia (UNZA) anayambitsa Chikwakwa, bwalo la panja, ndipo pambuyo pake anayamba kuyenda m'zigawo kukachita masewero m'zilankhulo za anthu a kumeneko. Kabwe Kasoma analemba Black Mamba pa nkhondo ya ufulu ya Kenneth Kaunda, ndipo Masautso Phiri ndi gulu la Tikwiza anachita sewero la Soweto pambuyo pa kuphedwa kwa ana a sukulu mu 1976. Funso la m'badwo umenewo linali lakuti ife ngati dziko ndife yani. Kenaka inafika nyengo ya masewero a uthenga, a Edzi, a kolera, a chisankho, ndipo ntchito imeneyo inapulumutsa miyoyo, sindikuinyoza. Koma inatizoloweza kulemba anthu amene ndi zikwangwani, mmodzi woimira umbuli, wina woimira uphungu wabwino. Mlembi wozolowera zimenezo akafika pa nkhani ya mtundu amalembanso chikwangwani cha One Zambia, One Nation, onse agwirana manja, nsalu yatsekedwa.

Komatu dziko lomweli linasintha malamulo ake mu 1996 kuti wopikisana pa upulezidenti akhale woti makolo ake onse awiri ndi a muno, ndipo mu 1999 khoti lalikulu ku Ndola linagamula kuti Kaunda, amene analamulira zaka 27, si nzika, chifukwa makolo ake anachokera ku Nyasaland. Ife a kum'mawa, amene chaka chilichonse mu Ogasiti timakumana ku Mkaika pa Kulamba ndi abale athu a ku Malawi ndi Mozambique pansi pa Kalonga Gawa Undi mmodzi, tikudziwa kuwawa kwa kufunsidwa ngati ndiwe wa muno weniweni. Ngati sewero lanu lingakhudze pang'ono pamenepo, ngakhale ndi nthabwala imodzi ya mu mzere wa reji, lidzakhala lalankhula za Lusaka.

Mwa olemba a kunja, amene njira yake ndingakulangizeni ndi Inua Ellams, wobadwira ku Nigeria. Asanalembe Barber Shop Chronicles, limene linaonetsedwa ku London mu 2017, anayenda m'malo ometera tsitsi kumvetsera amuna akucheza, ndipo sewerolo likuchitika tsiku limodzi m'malo otero ku London, Lagos, Accra, Kampala, Harare ndi Johannesburg. Inu malo anu omvetsera ndi nyumba ya maliro. Khalani pamoto ndi amuna usiku, mumve mmene amafunsirana kuti malemu akaikidwe kumudzi kapena ku manda a ku Chingwere muno mu Lusaka, ndi mmene nkhani ya mtengo wa galimoto imathetsera mkangano umene mwambo walephera kuuthetsa. Muone Abemba a chimbuya, chija chibale cha nthabwala cha pakati pa iwo ndi ife a kum'mawa, akubwera kudzapaka anamfedwa ufa kumaso, kuwanyoza kuti amadya mbewa ndi kuwalipiritsa ndalama m'mbale, anamfedwawo n'kuseka misozi ili m'masaya. Mtsikana wanu akapakidwa ufa umenewo, ndiye kuti Mbemba wamuzindikira kuti ndi wa kum'mawa pa nthawi imene abale ake enieni akukanirana.

Pa nkhani ya kulankhula yekha, sindikuvomereza kuti n'koletsedwa. Sizwe Banzi yemweyo amayamba ndi Styles, wojambula zithunzi, akulankhula yekha kwa nthawi yaitali, koma amalankhula ndi oonerera maso ndi maso, amawaseketsa ndi nkhani za ku fakitale ya Ford, ndipo amasanduka anthu osiyanasiyana. Akuluakulu amene ankamvera Julius Chongo pa pulogalamu ya pa wailesi ya Poceza m'Madzulo akudziwa kuti munthu mmodzi akhoza kugwira dziko lonse ndi pakamwa. Oonerera athu amayankha mokweza, choncho mtsikana wanu akatsala yekha awafunse iwowo, ndipo wochita seweroyo akonzekere kuti wina kumbuyo adzamuyankha.

Nkhoswe wa ku Matero

Ine si wa zisudzo, koma ndakhalapo pa milandu ya mabanja, ndipo ndikufuna mnyamatayu adziwe kuti wasankha banja lovuta kuposa mmene akuganizira. Kwa Achewa mwana ndi wa kwa mayi ake, ndipo womuyang'anira ndi atsibweni ake, choncho abale a bambo a ku Katete akhoza kunena mosanyinyirika kuti mtsikanayo si wa mbumba yawo. Kwa Angoni a Mpezeni mwana ndi wa kwa bambo ake, makamaka ngati malowolo anaperekedwa, choncho a ku Chipata nawonso akhoza kunena kuti ndi wa kuchimuna. Mbali iliyonse ikutsata mwambo wake molondola, ndipo mwanayo akutsala pakati popanda womukana mwankhanza. Pamwamba pa izi pali lamulo la boma la mu 1989 la chuma cha munthu womwalira wosasiya wilo, limene limapereka theka kwa ana, magawo 20 pa 100 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo ndi 10 kwa ena odalira malemu. Pamaso pa lamulo limenelo mtsikanayo ndi mwana wa bambo ake, basi. Ndiye funso loyamba limene mlembi ayenera kudziyankha ndi lakuti ng'ombe zinaperekedwa kapena ayi, ndipo ngati zinaperekedwa theka, monga zimachitikira kawirikawiri m'tauni, adzakhala ndi mkangano wokwanira sewero lonse. Aganizirenso ngati pali nyumba, chifukwa pamene pali nyumba ya ku Chilenje abale amene dzulo amati mwanayo si wawo akhoza kusintha mawu.

Mnyamata wa ku Chilenje

Zikomo kwambiri makolo anga. Ndawawerengera anzanga mayankho anu, ndipo tagwirizana kuti sewero liyambire pa maliro, gawo la ku ofesi ya reji likhale pakati, ndipo malowolo akhale kuti anaperekedwa theka. Kulankhula yekha kutsala, koma mtsikanayo azifunsa oonerera monga mmene akulu a ku UNZA anenera. Chimene chatsala ndi mathero. Ena akufuna kuti pomaliza asankhe mudzi umodzi ndi mfumu imodzi, ena akufuna kuti akane zonse n'kunena kuti kwawo ndi ku Lusaka. Kodi mlembi ayenera kupereka yankho, kapena akhoza kutseka nsalu wolemba reji akudikirabe?

Mayi wa ku Chelstone

Achimwene, reji iyenera kutuluka, chifukwa popanda iyo mtsikanayo sangalembetse simu, sangatsegule akaunti ku banki ndipo akadzafika zaka 18 sangavote. Oonerera akudziwa zimenezi ndipo sadzakhulupirira munthu wotuluka mu ofesi chimanjamanja chifukwa cha mfundo. Choncho pa khadi palembedwe mudzi ndi mfumu, koma muonetse amene wayankha ndi chimene chamukakamiza kuyankha, kaya ndi nyumba, manyazi kapena chikondi, ndipo gawo lotsatira tione ngati mtsikanayo akukakwera basi ku siteshoni ya Intercity kupita kumudzi umene waulembetsawo. Akafuna kunena kuti kwawo ndi ku Lusaka anene, koma pakhale Msoli mmodzi pa mzerewo womukumbutsa kuti dera lino lili ndi eni ake ndi mfumu yawo Nkomeshya. Musanayambe kuyeserera, pezani mayi wachikulire wa ku Katete ndi bambo wa ku Chipata, muwawerengere mawu a agogo ndi a malume mokweza, ndipo paliponse pamene akwinya nkhope mulembenso.